Timagalasi Titatu ta a Chirambo

Batani la pakolala linakana kulowa. Dinah analikoka, n'kulikokanso, mpaka mwamuna wake, a Overton Chirambo, anatsokomola.

"Malaya awa mumawachapa kwambiri, NyaMhango. Achepa."

Malaya sanachepe ayi. Chomwe chinakula ndi chotupa cha pansi pa nsagwada yawo yakumanzere. Mu Meyi chinali ngati mtedza. Lamulungu ili la mu Seputembala chinali ngati dzira, ndipo akamwetulira, mlomo wa mbali imeneyo unkatsalira. Dinah ankamudziwa bwino munthu amene anawononga zinthu. Anali iye mwini.

Mu Meyi momwemo, kuchipatala, dokotala anabaya chotupacho ndi kasingano kowonda, n'kupaka zomwe anatulutsa pa timagalasi titatu. Anati chotupa chili m'chiwalo chopanga malovu, ndipo a ku Mzuzu akaunika timagalasito adzadziwa ngati ndi khansa kapena ayi. Galimoto yotenga zokayezetsa inali itapita kale, choncho anawapatsa kabokosi kuti akapereke okha. Kanagona kunyumba kwawo ku Nchenachena, ndipo m'mawa mwake Dinah ndiye anakanyamula, poti a Chirambo anali ndi msonkhano wa akulu a mpingo.

Msewu wa kuno sulemekeza munthu. Njinga yamoto ya kabaza itadumpha dzenje, chikwama chinagwa, kabokosi n'kutseguka, timagalasi tonse m'fumbi. Palibe komwe kanasweka. Koma mayi woleredwa pa mishoni, amene sapatsa mlendo kapu asanaipukute kawiri, akanapita bwanji kwa madokotala ndi zinthu zafumbi? Anatipukuta ndi nsonga ya chitenje, mbali zonse ziwiri, mpaka tinawala.

Patatha milungu itatu yankho linabwera: pa timagalasipo panalibe choti n'kuyeza, wodwala abwere abayidwenso. A Chirambo anatola theka loyamba la uthengawo, lachiwiri analisiya pakhomo la chipatala. Anaimirira m'tchalitchi, n'kuyamika Mulungu kuti madokotala sanapeze kanthu. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, anabwera kudzamugwira chanza Dinah, iye n'kumangoti yewo, yewo, mtima ukumudya.

Za kubayidwanso anazitchulapo kangapo, koma a Chirambo ankangoseka. "Mukufuna andipezere matenda omwe kulibe?" Ndipo Dinah ankaisiyira pomwepo nkhaniyo, chifukwa kuti alimbikire anayenera kuulula chomwe chitenje chake chinachita. Ankadziona ngati wakupha amene akumuphikirabe tiyi munthu wake.

Belu loyamba la kutchalitchi linalira. Dinah anasiya batani lija, n'kukhala pansi pabedi.

"A Chirambo, lero tichedweko. Ndili ndi mawu."

Anafotokoza zonse, dzenje, fumbi, chitenje. Sanadzikhululukire pena paliponse.

"Ndakulakwirani chomene. Mukanadziwa kalekale ngati ndi khansa, mwina akanachichotsa chikadali chaching'ono. Ndikalipireni mmene mungafunire, koma chonde mawa tibwerere akakubayeninso."

A Chirambo sanakalipe. Anakhala pambali pake, mphunzitsi wakale amene sanasowepo mawu pamaso pa anthu, n'kumangoyang'ana nsapato zawo.

"Miyezi inayi mwasenza zimenezi nokha?"

Dinah anagwedeza mutu, misozi ikugwera pa bulauzi.

"Munapukuta fumbi lokha, NyaMhango," anatero motsitsa mawu. "Madzulo aja titabwerako kuchipatala, inu mutatsikira kudimba, ndinatsuka timagalasi tonse titatu ndi sopo. Ndinkaopa kumva."