Mchere Pansi pa Zenera

Mayi ankayanika zovala pamene anamuonanso mkamwini wawo akuthira madzi kuseri kwa nyumba, pamalo opanda duwa kapena mbewu. Anathira mwakachetechete, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kulowa.

Pamalo omwewo, pansi pa zenera la kuchipinda kwawo, anamuona sabata yatha akukumba dzenje. Anakhomeramo chitsulo chofiirira, n'kuthiramo makala ndi mchere, kenako n'kukwirira. Munthu wabwinobwino angakwirire mchere pansi pa zenera la apongozi ake?

Nyumbayi anawasiyira ndi malemu amuna awo. Chibwerereni mkamwiniyo kudzakhala nawo, sanawayang'anepo m'maso. Anangodzaza pabalaza ndi mawaya a intaneti ndiponso kabati yachitsulo ya timagetsi tophethira. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Mayi akamapukuta fumbi, mkono unkachita ngati wina akuubaya ndi singano. Sabata ino ululuwo unali utaleka. Mapemphero anali atagwira ntchito, ndipo munthuyo ayenera kuti ankathirira mankhwala ake kuti adzukenso.

"Mwamuna wakoyu watopa kudikira maliro anga," anamuuza mwana wawo wamkazi. "Akufuna nyumba ino."

"Amayi inu, mwayambanso? Munthu woopa ndi nkhuku yomwe ameneyu?"

Awiriwo atangopita kuntchito, Mayi anatenga khasu. Chitsulocho chinakana kuzuka, koma kumutu kwake kunali komangidwa waya wobiriwira wolowa m'khoma. Umboni unali umenewo: chinthucho anachilumikiza ndi nyumba yawo. Anaudula kamodzi kokha ndi khasulo.

Analowa mtima uli m'malo, akung'ung'udza kanyimbo, n'kutenga nsalu yonyowa. Atangokhudza kabati ija, singano zinawabaya mpaka paphewa. Anangozindikira ali pansi.

Anaimbira foni mwana wawo. "Sindinakuuze? Ndadula waya wake wa kuseri kuja, ndiye wandibwezera!"

"Wobiriwira uja? Amayi, musaikhudzenso kabatiyo! Waya umenewo ndi umene umatayira m'nthaka magetsi othawira pachitsulo, ndipo mwamuna wanga amathirirapo kuti dothi lisaume. Mchere ndi makala zimathandiza kuti magetsiwo azilowa bwino m'dothimo. Anauika atakuonani mukusisita mkono. Ankangochita manyazi kukuuzani kuti chimene chimakupwetekani ndi kabati yake."