Chingwe cha Windo la ku Lewisham

Mwamuna wanga Biswick atasamukira ku Barking ndi mkazi wina, anandisiyira nyumba ya lendi ku Lewisham, kuno kudziko la azungu, ndi windo la kuchipinda lomwe silinkatseguka. Ndi lakalekale lija lokankhira m'mwamba. Iye ankati chingwe chake chinaduka chokha, adzakonza.

Lachisanu nditaweruka kuchipatala, kunja kutada kale, ndinati ndikonze ndekha. Ndinakanganula kathabwa ka m'mbali n'kutulutsa chitsulo cholemera chomwe chimalendewera kuchingwecho kuti windo lizikwera mosavuta. Chingwe sichinali chofumbwa ayi. Chinali chodulidwa ndi mpeni.

Ndinamanga chatsopano n'kutseka windo bwinobwino. Ndikutolera zida, ndinamva likukwera lokha, pang'onopang'ono.

"Odi kuno."

Anali mawu a mzimayi, Chichewa chakumudzi chenicheni. Ine ndimakhala pansanjika yachitatu, ndipo kunjako kulibe khonde.

"A Biswick alipo? Ananditsekera kalekale."

Ndiye kuti Biswick ankadziwa. Anadula chingwe osandiuza kanthu, n'kundisiya ndizigona pafupi ndi windo limenelo.

"Ali ku Barking," ndinayankha osacheuka, mkwiyo utaposa mantha. "Pitani konko."

"Ndachokera komweko, mayi. Akuti ndizikhala ndi inu."