Masitampa Osavala

Lachiwiri m'mawa, mzere usanatalike, asewele anafikanso pawindo lachitatu la ku positi. Anavula chipewa n'kuchiika pakauntala.

"Mwadzuka bwanji asewele? Mundipatseko aja."

Mayi wa pawindopo sanafunse kuti ati. Anatsegula dirowa, natulutsa pepala la masitampa atalitembenuza chafufumimba, n'kulikankha ndi nsonga ya cholembera ngati akukankha mphemvu yakufa.

Masitampawo anabwera kuchokera ku likulu miyezi iwiri yapitayo. Kalata yowaperekeza inati ndi zithunzi za akatswiri ojambula a kutsidya kwa nyanja, azaka mazana asanu zapitazo, zoonetsa milungu ya anthu akale. Mayiyu sanaonepo mulungu aliyense. Anaona mkazi ataimirira m'chigoba cha nkhono, chovala chake ndi tsitsi basi. Anaona ng'ombe yamphongo ikuwolotsa namwali nsalu itamuvuka. Panalinso kamwana konenepa kamapiko, kopanda ndi thewera lomwe, kakukoka uta.

"Milungu yanji yosowa telala?" mayiyu anamufunsa bwana wa positi tsiku limenelo. Bwanayo anayankha kuti iye analembedwa ntchito yogulitsa, osati yoveka.

Kuyambira pomwepo mayiyu ankawabisa pansi pa mafomu. Wofuna sitampa ankamupatsa ya mbalame kapena ya maluwa, ndipo palibe ankadandaula. Ndani masiku ano amayang'ana sitampa?

Asewele ankayang'ana. Anali bambo wamkulu, mphunzitsi wopuma, wa imvi zake, woimba besi m'kwaya. Mwana wawo wamwamuna anali pafupi kukwatira mwana wamkazi wa mayiyu, diresi lili kale kwa telala. Ulendo woyamba ananong'ona ngati akugula mankhwala a matenda ochititsa manyazi. Ulendo wachiwiri analoza ndi chala. Pofika wachisanu ankangoti "aja". Kalata analibe, envulopu analibe. Masitampawo ankawalowetsa m'kabuku ka nyimbo, kabukuko m'thumba la jekete, ndiye uyo watuluka.

Sabata yatha anabweza imodzi. "Iyi akuti yapindika pantchafu. Mundisinthire."

Mnzake wa pawindo lachiwiri anaseka mpaka chidindo chinamugwa. "Asewele anu ali ndi diso la luso. Muziwayamikira."

Mayiyu sanaseke. Paja amati make mbuu, mwana mbuu. Nanga bambo akakhala wotere, mnyamata atengera ndani? Anaganizira mwana wake, woleredwa movutikira, wosadziwa ndi khomo la bala lomwe, akulowa m'banja limene mkulu wake amasunga akazi amaliseche m'buku la nyimbo.

Nkhaniyi anaiuza amuna ake, mkulu wa mpingo, munthu amene akamadutsa pasitolo ya zovala amayang'ana kumbali ngati chidole chilibe bulauzi. Iwo anausa moyo kwa nthawi yaitali. "Tisaweruze, mayi," anatero. "Tiziwapempherera. Ndipo musawafunse, mungawachititse manyazi." Mayiyu anawayang'ana mtima uli zii. Akanakhala kuti amuna onse ali ngati awa, bwenzi amayi akugona tulo.

Koma mapemphero anali atatenga masabata atatu, ndipo munthu ndi uyu wabweranso.

Asewele atatambasula dzanja kuti atenge pepala lija, mayiyu analipsinja ndi chikhatho. Anatembenuza kachikwangwani ka pawindo kuti kawerengeke kuti patsekedwa. Anthu atatu amene anali pamzere anasamukira pawindo lachiwiri akung'ung'udza, koma makutu anawasiya pomwepo.

"Asewele, tikambirane ngati akuluakulu."

"Kwagwanji?"

"Miyezi iwiri mukugula zithunzi izi. Simutumiza kalata kwa munthu. Mumapita nazo kuti?"

Bamboyo anatola chipewa chake n'kuyamba kuchizunguza m'manja. Thukuta linatulukira padazi.

"Ndi nkhani yovutirapo kuifotokoza pano."

"Kugula simunavutike. Akazi anu akudziwa?"

"Ayi, iwo sizikuwakhudza."

"Ine zikundikhudza. Mwana ndinabereka mmodzi, ndipo sindinamutole pamsewu. Sindingamupereke kunyumba kumene bambo amaimba besi Lamulungu, Lachiwiri n'kumadzasankha ntchafu zosapindika."

Wa pawindo lachiwiri anadinda kalata imodzi katatu.

"Asewele, chonde tsitsani mawu," anatero bamboyo. "Ndinalonjeza kuti sindidzanena."

"Sungani lonjezo lanu. Ine madzulo ano ndikupita kwa telala kukamuuza kuti asiye kusoka. Mwana wanu mukamufotokozere nokha chifukwa chake."

Ananena motsimikiza, ndipo bamboyo anaona kuti si zoopseza. Anayang'ana kukhomo, nayang'ana padenga, kenaka anawerama mpaka pakamwa pake panafika pakabowo ka galasi.

"Ine maso anga ali ndi ng'ala, asewele. Sitampa ndimaiona ngati kabanga chabe. Ndine wotumidwa."

"Wotumidwa ndi ndani?"

"Amuna anu. Akundidikira pabenchi kuseri kwa positi kuno. Ati ndifunsenso ngati yafika ina ija, ya mayi ndi tsekwe."