Eyakoni ya Khonsolo Inanunkhitsa Ukwati

Panali munthu wina, bambo woyang'anira nyumba ya khonsolo ya mzinda. Chaka china kunatentha koopsa, ndipo makina oziziritsa mpweya, aja timati eyakoni, anafa m'nyumba monsemo. Mawindo ake ndi agalasi osatseguka aja, ndiye anthu ankachita kukomoka pamzere. Makhansala anakumana mwachangu, n'kutulutsa ndalama zadzidzidzi zokonzera, n'kuzisiya m'manja mwa bamboyu.

Koma iye mtima unali pa ukwati wa mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, womwe madyerero ake anali oti achitikire mu holo ya m'nyumba yomweyo. M'malo moitana kampani yodziwa ntchito, anatola mmisiri wina pamsewu amene analonjeza kukonza motchipa. Ndalama zotsalazo zinathera ku keke, nyama ndi magalimoto a akwati.

Mkazi wake anamuchenjeza. "Bambo a mwana, ndalama za anthu izi. Mmisiriyo mukumudziwa n'komwe?"

"Iwe sankha nsalu, za makina undisiyire ine," anamudula mkamwa.

Mmisiri uja anadzutsadi makinawo. Koma eyakoni imadontha madzi, ndipo paipi yake imayenera kutulukira panja. Iye poona kuti panja patalika, anangoilumikiza ku paipi ya zimbudzi. Ulesi wake, abale inu! Poyesa makinawo, bambo uja anakwinya mphuno.

"Kafungo aka n'kachiyani?"

"Bwana, makina akangokonzedwa kumene amatero. Mawa katha."

Sikanathe. Ogwira ntchito anadandaula kuti mitu ikuwawa, kalaliki wina mpaka anasanza mu ofesi. Bamboyo anangogula mankhwala onunkhira opopera, n'kuwauza kuti asiye matama.

Tsiku la ukwati holo inadzaza thothotho, meya ali kutsogolo, abale a mkwati atatchena. Chigulu chonsecho chinali chikulowa ndi kutuluka m'zimbudzi kuyambira m'mawa. Dzuwa litaswa mtengo, bambo uja analamula monyada, "Yatsani makina onse, alire mpaka kumapeto!"

Mayo ine! Chifungo chinatsika kuchokera kudenga, chozizira bwino, n'kukuta matebulo onse. Poyamba anthu ankayang'anana, aliyense kukayikira mnzake. Kenako amayi anatseka mphuno ndi mipango. Azakhali a mkwati anayesa kuthamangira panja koma sanafike, anasanzira pambali pa keke penipeni. Anthu anakankhana pakhomo, nyama ili mbwee m'mbale, yosakhudzidwa. Zonyansa zenizeni.

Meya potuluka anangoti, "Lolemba mubweze makiyi, zinazo mukafotokoza kupolisi." Bamboyo anaimbira mmisiri uja, koma foni inali yozimitsa.

M'holomo munatsala mkwatibwi, chilili, misozi itasokoneza zodzola kumaso. Bambo ake anamuyandikira.

"Mwanangu, ine ndimangofuna kuti ukwati wako anthu asauiwale."

"Sadzauiwaladi, bambo. Musandikhudze."

Mpaka lero mtsikanayo akamadutsa mumsika anthu amanong'onezana kuti, "Uyo mkwatibwi wa kuchimbudzi uja." Pakhomo pa bambo ake sanapondeponso.

Phunziro: Ndalama zadzidzidzi zokonzera zinthu za anthu onse si zanu, ndipo mukaba n'kulemba mmisiri wa pamsewu, fungo lake lidzayambira pa ana anu omwe. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa aliyense amene anapatsidwa makiyi a ofesi.