Namondwe wa ku Nyimba

Godwin Daka anaima pamzere wa kuchigayo ku Nyimba atavala jekete, pakati pa amayi osenza matumba a chimanga. Iye analibe thumba. Ananyamula padi, kachipangizo ka mabatani kopanda waya kosewerera gemu ya nkhonya pa TV, atakakulunga pampango ngati khanda.

Kwawo ku Petauke, Godwin anali munthu. Ndiye anayambitsa kalabu ya osewera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake, momwe munali mabenchi, TV imodzi ndi phokoso lokwana msika wonse. Chiphunzitso chake chinali chakuti mdani umamugonjetsa atakhala pambali pako, kuti ukatha umuseke pamaso. Koma netiweki itayamba kugwira bwino, anzake anayamba kusewera pa intaneti, aliyense kwawo, ali gone pabedi. Mabenchi anachita fumbi. Mkazi wake, Josephine, anamuuza mosapsatira kuti Loweruka likadutsa m'chipindamo muli zii, Lolemba mulowa nkhuku.

Pofuna kuonetsa kuti za pa intaneti n'zachibwana, Godwin analowako yekha. Kumeneko ndiko anakumana ndi wosewera wodzitcha Namondwe wa ku Nyimba.

Abale, munthuyo ankamenya! Ankayamba ngati mbuli, kulumpha popanda chifukwa, kuponya chibakera kumphepo. Kenaka mwadzidzidzi ankasanduka chilombo, nkhonya ndi mateche zikugwa mosalekeza, osatchinga, osapumira. Godwin anagonja mpaka osewera a ku Msanzala anamva mbiri yake n'kumamuseka.

Anamufufuza mdaniyo mwakhama. Lamlungu Namondwe sankaoneka, ndiye kuti ndi munthu wopemphera. Anthu akakolola, iye ankasewera tsiku lonse, koma miyezi ya njala ankasowa, ndiye kuti ndi mlimi. Uthenga sankayankha. Apo Godwin anagwedeza mutu mwaulemu, poti akatswiri enieni sachuluka zonena.

Ndiye analengeza kuti Loweruka Namondwe adzafika pa kalabu ndi thupi lake, kuti nkhaniyi ithe maso ndi maso. Petauke yense analonjeza kubwera. Amene sanauzidwe anali Namondwe yekha, n'chifukwa chake Godwin anakwera basi. Kondakitala anamuuza kuti ku Nyimba makina a gemu yotere ali pamalo amodzi basi, pachigayo cha a Mwanza.

Mzere utatha anawapeza. Abraham Mwanza anali bambo wamfupi, woyera ndi ufa mpaka m'nsidze. Godwin anayang'anitsitsa zala zawo. Zinali zonenepa ngati chinangwa, ndipo mtima wake unagunda ndi mantha osakanikirana ndi chikondi.

"Bambo, ndimwe a Namondwe?"

"Ni zina chabe ya pa gemu," anayankha a Mwanza mwamanyazi. "Nimaseŵelako nikasoŵa makasitoma."

Kudzichepetsa kotere! Godwin anangotsala pang'ono kugwada. Anafotokoza za kalabu, za Loweruka ndi za nkhuku, kenaka anapempha kuti ayesane kaye pompo.

TV inali pakona, pamwamba pa mgolo, itafundidwa chitenje. Anakhala pabenchi atafulatira chigayo, chomwe chinali chitazimitsidwa. Ndewu yoyamba Godwin anapambana asanakhazikike n'komwe. Yachiwiri a Mwanza anathera kulumpha pakona, lilime lili panja, akusakasaka mabatani ndi maso.

Godwin anapsa mtima. Kumenyedwa anali atakuzolowera, koma kuchitiridwa chifundo kunamupweteka koposa. Akapita naye munthuyu ku Petauke n'kukasewera chonchi, anthu adzati wagula wogaya chimanga pamsewu kuti adzanamizire kukhala Namondwe.

"A Mwanza, osanibisila," anatero. "Nachoka kutali. Nimenyeni monga mwa masiku onse."

"Koma ndiye mwamene nimaseŵelela, bambo."

Ndewu yachitatu itangoyamba, mayi wina anaitana pakhomo kuti ana akudikira ufa. A Mwanza anadzuka, padi ili m'manja.

"Pitilizani chabe," anatero. "Ni vamene vimachitika lyonse, gemu ikayamba na kasitoma abwela."

Godwin sanachotse maso pa TV. Kumbuyo kwake chigayo chinabangula, benchi inanjenjemera, ndipo Namondwe anadzuka. Nkhonya, mateche, nkhonya, mateche, liwiro lomwe lija, nkhanza zomwe zija. Womenya wa Godwin anaponyedwa m'mwamba ndipo sanaloledwe kutera. Godwin anadina mabatani mpaka zala zinachita dzanzi, koma sizinathandize. Anagonja moyera, ndipo misozi ya chimwemwe inalengeza m'maso mwake. Munthu kumenya chonchi ali pantchito, osayang'ana n'komwe TV! Petauke yense adzagona panja kudikira munthu ameneyu, ndipo nkhuku za Josephine zikafune kwina kogona.

Anaimirira, anakonza jekete, natembenuka kuti agwire chanza cha katswiri.

A Mwanza anali atakumbatira thumba la chimanga ndi manja onse awiri, akukhuthulira m'chigayo. Padi anali ataisiya chafufumimba pachivundikiro chachitsulo cha chigayocho, ikuvina yokha, mabatani onse akugunda pachitsulo.

Godwin anayang'ana chimakinacho kuyambira pansi, pomwe anachimangirira ndi simenti, mpaka kudenga. Kenaka anakuwa kuti amveke pamwamba pa phokoso:

"A Mwanza! Ichi chigayo, chingakwane mu basi?"