Khasu Langa Linapita ku Dedza

Ndinkapalira kachewere m'dimba mwathu ku Kalomwe, kutsidya kwa malire a Nyasalande, chaka cha 1949 chikupita kumapeto, pamene alamu anga a Patrisio anatulukira. Ndiwo anatenga mng'ono wanga Joakina chitengwa, kumunsi kwa Dedza. Ndinawazindikira ndi mawu okha. Malaya ankangolendewera m'mapewa mwawo.

"Kwagwanji, alamu?"

"Njala, mlamu. Nyasalande yense. Mvula inakana, anthu akudya mizu."

Anayamba kutchula omwalira, nyumba ndi nyumba. Ine ndinagoneka khasu pansi, pakuti munthu salima atamva maliro.

"Nanga Joakina akudya chiyani? Dikirani ndikumbe kachewere mukampatse."

Sanandiyang'ane. Maso awo anali pa khasu lija.

"Musakumbe, sanakhwime." Analoza khasulo. "Makasu onse m'mudzi mwathu tinasinthanitsa ndi gaga. Mundibwereke lanuli. Joakina anatisiya dzana, ndipo akadali m'nyumba. Manda ndayesa kukumba ndi mtengo, koma dothi lauma gwa."

Ndinayang'ana dimba lonse lobiriwira, madzi akuyenda m'ngalande. Kenako ndinatola khasu n'kuwapatsa ndi manja awiri, mpini ukadali wofunda.