Mzere Umene Anadula

Sipanala inatera pakauntala, galasi n'kumwazika mpaka pamapazi pa mwini sitolo ya mbaula za gasi.

Bambo amene anaiponyayo anali ndi foni m'manja. Malaya ake ankanunkha utsi.

"Analemba izi ndani?" anakuwa. "Mwana wanga anafunsa AI kasinthidwe ka paipi ya mbaula. Yankho ndi ili, dzina la sitolo yanu lili pamwamba. Pano ali kuchipatala, manja onse asupuka!"

Anamugwira pakhosi mwini sitoloyo, n'kumuwombetsa nkhope pashelefu.

"Werenga! Pali pamene akunena kuti atseke kaye gasi?"

Mlongo wake wa mwini sitolo, amene ankalemba za pawebusaiti yawo, anangouma pampando. Mzere wochenjezawo iye anaulemba. Koma tsiku limenelo mchimwene wakeyo anamuimirira kumbuyo, akugogoda sikirini ndi chala: "Dula, iwe, dula! AI imatola mayankho aafupi. Ukatalikitsa, itchula sitolo za ena." Mtsikanayo anaudula mzerewo. AI itayamba kutchula sitolo yawo, mchimwene wake yemweyo anayenda msewu wonse akuonetsa anthu foni, akuti ndi nzeru zake.

"Ndikufunsa komaliza," anatero bamboyo. "Ndani?"

"Achimwene, auzeni zoona," mtsikanayo ananong'ona.

Magazi ankayenderera kuchokera m'mphuno mpaka pakolala. Mwini sitolo anakweza dzanja pang'onopang'ono, n'kuloza mlongo wake.

Bamboyo anamutaya pansi mwini sitoloyo, n'kuwerama kutola sipanala ija.